Mpasa ya M'filiji ya Azakhali

Mpaka lero sindidutsa padoko la kwathu. Akandituma kumsika ndimazungulira njira ya kumtunda, ya m'minda ya chinangwa, ngakhale ndi yaitali ndipo ili ndi chisoso chomata masiketi. Amayi amati ndisiye zachibwana, anthu anaiwala kalekale. Sanaiwale. Sabata yathayi bambo wina woti sindimudziwa n'komwe anaimitsa njinga pafupi nane n'kundifunsa, mwaulemu wonse, ngati magetsi akuyaka bwino kumene ndimawedza kuja. Ndinangoti akuyaka.

Ndiye ndaganiza zolemba ndekha mmene zinayendera, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ndi ena imangokulirakulira. (Ena akuti nsombayo inali yowamba. Sinali yowamba, chonde.)

Bambo anga ndi msodzi, ngakhale chaka chino ndi chachitatu ali ku Joni, komwe amatsuka magalimoto ndi kudulira maluwa m'mipanda ya anthu. Asanapite ankapha ncheni ndi mpasa chapafupi ndi pomwe Bua amathira m'nyanja. Ukonde sankaukonda. Chawo chinali chingwe ndi timasipuni. Amene simuli a kunyanja ndikufotokozereni. Mumatenga sipuni yakale, kudula chogwirira chake, kuboola timabowo tiwiri ndi msomali, uku kumangako mbedza, uku chingwe. Mukamapalasa bwato, kasipuniko kamatsatira m'mbuyo kakung'anima, ndipo nsomba yaikulu imayesa ndi usipa wovulala n'kukathamangira. Chinsinsi chili pa kapindidwe. Bambo ankapinda pang'ono chabe ndi chala chachikulu, n'kukayesa mu mgolo wa madzi kuseri kwa nyumba. Kakapanda kuvina, ankakawongola n'kuyambiranso.

Ine mbali yanga inali utoto. Ndinayamba ndili sitandade 6, nditapeza kabotolo ka utoto wa zikhadabo kamene msuweni wanga anaiwala kwathu. Ndinapaka msana wa buluu ngati wa usipa, m'mimba ndinasiya poyera, diso ndinadontheza ndi kamtengo ka machesi. Bambo anakatembenuza nthawi yaitali m'manja mwawo.

"Mayi, nsomba siyang'ana utoto," anatero. "Koma n'kokongola."

(Amanditchula kuti mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.)

Tsiku lomwe ankanyamuka, tili pamsewu kudikira minibasi, ndinawafunsa kuti adzabwera liti. Amayi anandiyang'ana ndi diso loti nditseke pakamwa, koma bambo anangoseka.

"Tsiku limene kasipuni kako kopaka kadzaphe mpasa, undiuze. Ndidzabwera kudzadya mutu."

Mawu amenewo ndinawalemba m'kope langa la zinsinsi tsiku lomwelo, n'kujambula mizere iwiri kunsi kwake. Munthu wamkulu akanadziwa kuti ndi mawu otonthozera mwana pamsewu. Ine ndinawatenga ngati pangano.

Atapita ndinatenga sowo yawo, nyundo ndi kachitini ka mbedza, n'kuyamba kupanga ndekha Loweruka lililonse ndikatha kuchapa yunifolomu. Masipuni opindika ndinkapempha kwa amayi ogulitsa phala kumsika. Utoto ndinkalandira kwa anzanga a kusukulu, timabotolo totsala pang'ono kuuma. Timasipunito ndinkatibaya pa katoni n'kupita nato padoko m'mawa, mabwato akamakocheza.

Malonda ake anali otere. Asodzi ankasankha tosapaka, timene ndinkangopanga kuti katoni idzaze. Topakato ankatigwira, kutitembenuza, kuyamikira, n'kutibwezera pamalo pake. Amene anagulako topaka anali aphunzitsi athu a Jogalafe, omwe anamangirira kamodzi ku makiyi a ofesi, ndi mayi wina wa ku Dwangwa amene anafuna tiwiri tofanana, topanda mbedza, kuti azivala kumakutu. Ndinamugulitsa (kodi ndikanatani?), koma m'kope ndinalemba kuti: "Lero tiwiri tapita, koma madzi sitikawaona."

Chiyembekezo changa chonse chinali pa a Mhone, mnzawo wa bambo, amene makolo awo anachokera kumpoto. Iwowa ndiwo wapampando wa komiti ya padoko, imene imaona za maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka. Ndinawapatsa kwaulere kasipuni kokongola kuposa tonse. Anati "yewo," n'kukaika m'thumba la malaya. Kuyambira pamenepo ndinkawafunsa sabata iliyonse.

"Kapha, a Mhone?"

"Kakupumula, mwana wa mnzanga."

"Bwanji osakaponya?"

"Ndikaponye kuti kakakole pa chitsa? Chinthu chokongola chonchi?"

Zaka ziwiri zinatha chomwecho. Bwato la bambo linangokhala chivundikire pansi pa mtengo wa mango, mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake. Iwo ankaimba Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, pa foni ya azakhali, poti yathu ndi ya mabatani. Poyamba funso lawo loyamba linkakhala la nyanja. Mwera wayamba? Madzi afika pati? Wapha chiyani ndani? Kenako mafunsowo anayamba kuchepa. Lamulungu lina analankhula za kuzizira, za nsapato, za abwana awo amene amagona ndi agalu m'nyumba, mpaka foni inaduka asanatchule nyanja ngakhale kamodzi. Ndinapita kukakhala pa bwato lija mpaka nkhuku inandithamangitsa. M'kope ndinalemba mawu atatu okha: "Bambo akuiwala madzi."

Tsopano ndifike pa azakhali. Ndi mlongo wawo wa bambo, ndipo ali ndi kagolosale pamsika ndi filiji yaikulu ija yotsegula pamwamba, momwe amasungira thobwa la m'mabotolo. Pansi penipeni pa mabotolowo panali mpasa yaitali ngati mkono wanga. Anaigula kalekale, n'kuikonza bwinobwino, n'kuikulunga m'pulasitiki, kusungira ansembe atsopano amene ankayembekezeka pa tchalitchi chathu. Kubwera kwa ansembewo kunkangosunthidwa, mpasayo n'kumangodikira. Nthawi iliyonse ndikatsegula filiji kutengera munthu thobwa, ndinkaona mchira wake.

Loweruka lina azakhali anapita ku maliro ku Mwadzama. Anandisiyira golosale, makiyi ndi foni.

Ndikufuna mudziwe kuti ndinalimbana nawo mtima wanga. Ndinasesa, ndinapukuta mashelefu, ndinawerenga mutu wonse wa Bayoloje. Koma dzuwa litakwera ndinali nditapeza kale yankho. Ndinadziuza kuti si bodza ayi. Tsiku lina kasipuni kanga kadzaphadi mpasa, zimenezo n'zosakayikitsa. Ndiye ine ndikungotsogoza chithunzi, nsombayo idzabwera pambuyo. (Pa nthawiyo maganizo amenewa ankamveka anzeru kwambiri.)

Ndinatseka golosale, n'kulemba pachitseko kuti ndikubwera pompano. Mpasayo ndinaikulunga m'chitenje n'kuipanira m'khwapa ngati ambulera. Inali gwa, ndipo inkazizira mpaka nthiti zinachita dzanzi. Ndinadzera njira ya m'madimba, kutali ndi doko, mpaka ndinafika m'mabango a kufupi ndi mtsinje, komwe bambo ankakonda kuyambira ulendo wawo.

Vuto loyamba linali pakamwa. Panali pataumiratu chitsekere. Ndinayesa ndi chala, ndinayesa ndi msomali, osatheka. Ndiye ndinaiviika m'madzi a m'mphepete kuti ifewe. Madzi a pamenepo amayenda, choncho ndinayenera kuigwira. Tangoganizani, mwana wa msodzi, wa Folomu 3, atanjuta m'matope pafupifupi ola lathunthu atagwira nsomba yakufa kumchira kuti isathawe. Kambalame kena kanatera pa bango n'kumandiyang'ana. Ndinakapempha kuti kasauze munthu.

Mutu utafewa ndinabaya mbedza pamlomo, n'kusiya kasipuni kanga kakulendewera pooneka bwino, msana wa buluu, diso lofiira. Vuto lachiwiri linali kujambula. Kudzijambula wekha, dzanja lina litanyamula nsomba yolemera, si masewera. Zithunzi zina zinalibe mutu wanga, zina zinalibe mutu wa nsomba, china chinali thambo lokhalokha. Pomaliza chinapezeka chimodzi chomwe tonse tinalimo: ine ndikumwetulira ngati ndakhoza mayeso, mpasa, kasipuni, ndi mabango kumbuyo.

Ndinatumiza kwa bambo. Pansi pake ndinalemba kuti: "Bambo, kapha. Mutu ndakusungirani."

Kenako ndinafufuta zonse mu foni ya azakhali, ndinathamangira kugolosale, ndinabwezera mpasayo m'pulasitiki mwake n'kuiunjikira mabotolo pamwamba. Kunja inali itafewa ngati nthochi, koma ndinati filiji ikonza yokha. Masana omwewo yankho linabwera: kachithunzi ka manja awiri akuwomba. Mawu panalibe. Ndinakafufutanso, koma ndinayamba ndakayang'ana mpaka maso anawawa.

Kuchokera ku Joni basi imayenda masiku atatu, zimenezo ndinkazidziwa. Lamulungu bambo sanaimbe, ndipo ine ndinati ndiye kuti akulongedza. Ndinachapa malaya awo awiri amene anasiya, ndinayanika bulangete lawo padzuwa, ndinachotsa mazira pansi pa bwato n'kusesapo. Galimoto iliyonse ikaima pamsewu ndinkasiya chomwe ndikuchita n'kumvetsera. Amayi anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinawauza kuti agule shuga wowonjezera, mwina tingalandire mlendo.

Alendo anabweradi, koma osati amene ndinkayembekezera. Lolemba pochokera kusukulu ndinapeza azibambo anayi atakhala pakhonde pathu, amayi atawapatsa mphasa yokhalira, nkhope yawo itadabwa. Anali asodzi, ndipo ankafuna timasipuni topaka. Zinapezeka kuti bambo anatumiza chithunzi chija ku gulu la pa foni la anthu a kwathu amene ali ku Joni. Kumeneko wina anatumizira mchimwene wake, mchimweneyo anaonetsa apongozi ake, ndipo pofika Lolemba chinali chitabwerera padoko pathu. Chinapita ku Joni n'kubwerako basi isanafike n'komwe pa malire.

"Tikufuna kofanana ndendende ndi ka pa chithunzi," anatero mmodzi, amene anapalasa njinga kuchokera ku Dwambazi. "Diso lofiira. Mukandipatsa la chikasu ndibweza."

"Munaponya chapati, achemwali?" anafunsa wina.

Ndinaloza ndi chibwano mbali yomwe kuli nyanja yonse.

Apa ndiye pofunika kuulula bwino. Ndinagulitsa. Katoni yonse ya topaka, timene tinakhala miyezi tikuyamikiridwa chabe, inatha tsiku limodzi, ndipo ndinamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba timasipuni tanga tinkapita kukaona madzi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kamodzi kaphadi mpasa sabata yomweyo, bodza lija n'kusanduka zoona bambo ali m'njira.

Lachitatu kunabwera kakalata kochokera ku komiti ya padoko. Ankandifuna Loweruka m'mawa, pamodzi ndi zipangizo zanga zonse.

Chimene ndinaiwala ndi ichi. Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo mpasa zinali zitayamba kukwera mtsinje kukaswa. Nthawi imeneyo komiti imatseka, palibe woponya chingwe kapena ukonde chakumtsinjeko. Ndinkazidziwa bwino zimenezi. Teremu yapitayo ndinalemba chimangirizo cha ubwino wa nyengo yotseka, ndipo aphunzitsi anachiwerenga pamaso pa kalasi yonse. Koma tsiku la filiji lija mutu wanga unali ku Joni. Mabango a pa chithunzi aliyense wa kwathu amawadziwa. Choipitsitsa, masabata awiri m'mbuyomo komiti inali italanda ukonde wa bambo wina, a Jafali, pa mlandu womwewo. Tsopano a Jafali ankayenda ndi chithunzi changa padoko ponse, kufunsa ngati lamuloli limaopa ana a anzawo a apampando.

Amayi anawerenga kakalatako kawiri, n'kundiyang'ana.

"Iwe unayamba liti kupha mpasa? Woti madzi akafika m'mawondo umaitana Yesu?"

Ndinangoyang'ana pansi.

"Chabwino. Ukayankhe wekha. Ine ndikangokhala kumbuyo ngati wodutsa."

Masiku atatu amenewo sindinamve chilichonse m'kalasi. Nkhani yake inali yosavuta kumvetsa, koma yovuta kusankha. Ndikati ndinaphadi, andilanda sowo, nyundo ndi kachitini ka bambo. Ndikati ndinanama, mawuwo afika ku Joni tsiku lomwelo, ndipo bambo, amene mwina agula kale tikiti, amasula chikwama.

Loweruka padoko panadzaza ngati pali mpira. A Mhone anakhala pa benchi pansi pa mkuyu, akuluakulu ena a komiti m'mbali mwawo, alembi ali ndi kope pamwendo. Ine ndinagwada pa mchenga, zipangizo ndinaika patsogolo panga. A Jafali analankhula koyamba, ndipo analankhula nthawi yaitali. Anati ukonde wawo uli ndi ana asanu ndi awiri oudalira, ndipo ngati sukulu ndiyo imapereka chilolezo chowedzera nthawi yotseka, nawonso awagulire yunifolomu. Anthu anaseka. Atatha, a Mhone anatulutsa foni n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala ziwiri.

"Mwana wa mnzanga, nsomba iyi unapha ndiwe?"

"Eya."

"Unali m'bwato la ndani?"

"Ndinaponya ndili kumtunda."

"Kumtunda. Inalimbana nawe?"

"Kwambiri."

"Inadumpha?"

"Inadumpha."

"Kangati?"

"Katatu."

"Alembi, lembani katatu." Anapereka foni kwa mkulu amene anali pambali pawo. Mkuluyo anaiyandikizitsa kumaso, n'kutsokomola, n'kupatsira mnzake. Ndinaona mapewa a akuluakuluwo akugwedezeka, koma ndinayesa ndi mkwiyo.

A Mhone anatsitsa mawu. "Ganiza bwino, mwana wa mnzanga. Ukati unapha, sowo iyi, nyundo iyi ndi kachitini aka zikhala ndi komiti, monga ukonde wa a Jafali. Ngati pali kena koti utiuze, ino ndiyo nthawi yake. Palibe amene akumenye."

Ndinayang'ana nyundo ija. Chogwirira chake chinachita kudyeka pomwe pankakhala chala cha bambo. Kenako ndinawaona m'maganizo ali m'basi, chikwama pamiyendo, akuyang'ana pawindo.

"Ndinapha ndine," ndinatero.

A Mhone anausa moyo. Alembi anayamba kulemba. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene anthu a kumbuyo anayamba kupatuka, ena atagwira mphuno.

Anali azakhali, beseni lili pamutu. Ansembe atsopano aja anali atatsimikiza kuti afika mawa lake, ndiye m'mawa umenewo azakhali anatulutsa mpasa yawo kuti isungunuke. Anafika pakati pa bwalo, anatula beseni patsogolo pa a Mhone, n'kuvundukula.

"Pepani akuluakulu, ndalowerera. Ndabwera ndi mboni."

Fungo lake linafika kwa alembi asanaione n'komwe.

"Nsomba iyi ndinagula ine, nyengo isanatsekedwe, a Mhone mukudziwa poti munandigulitsa ndinu. Ndinaipala ndekha, ndinaichotsa matumbo ndekha. Lero ndikupeza m'kamwa muli mchenga, pamlomo pali bowo, ndipo pa dzino pali utoto wa buluu. Ndiye ndimati ndifunse, m'filiji mwanga muli mchenga?" Anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana wa achimwene, ansembe adya chiyani mawa?"

Ine ndinkangofuna mchengawo utseguke.

A Mhone anaweramira m'beseni, anatembenuza nsombayo ndi kamtengo, n'kuyang'ananso pa foni. "Ndi yomweyi. Ifenso timadabwa kuti mimba yong'amba kale ikutani pa chithunzi. Alembi, mwalemba kuti inadumpha kangati?"

"Katatu, apampando."

"Yopanda matumbo."

"Yopanda matumbo, apampando."

"Ine ndawedza kuyambira ndili mnyamata, yotere sindinakumane nayo."

Doko lonse linagwa nako kuseka. A Jafali anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anapempha madzi. Amayi, amene anati akangokhala ngati wodutsa, anadziphimba kumaso ndi chitenje, koma mapewa awo ndinawaona.

Chigamulo chinali chachifupi. A Mhone anati komiti yafufuza m'malamulo ake onse ndipo sinapeze loletsa kuwedza m'filiji, choncho zipangizo ndibwerere nazo. Aliyense amene anagula kasipuni chifukwa cha chithunzi chija anali ndi ufulu wobweza. Ambiri anabweza pomwepo. Bambo wa ku Dwambazi uja anakana, anati apongozi ake nawonso ali ndi filiji, akayesa kumeneko. Pomaliza anandiuza kuti ndilonjeze pamaso pa anthu onse, ndili chigwadire, kuti sindidzanamanso. Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse. Masana onse ndinakhala mutu uli m'filiji ya azakhali, ndikukwecha ndi sopo ndi mandimu. Ansembe anadya nkhuku.

Lamulungu tikuweruka ku tchalitchi, foni inalira. Ndinayesa kuzemba kuseri kwa golosale, koma azakhali anandigwira mkono n'kundiika foni m'manja.

"Lankhula nawo bambo ako, msodzi mnzako."

Ndinakakhala pa kreti ya mabotolo. Kumbuyo kwawo kunkamveka magalimoto, monga mwa masiku onse. Si phokoso la m'basi ayi. Anali pomwe amakhala nthawi zonse.

"Mayi."

"Bambo."

"Ndamva kuti inadumpha katatu."

Ndinayamba kulira, iwo akuseka chapansipansi, kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno. Anandidikira mpaka ndinatha.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Mpasa ikagwira kasipuni, mbedza imalowa cha m'kati. Iwe unabaya kuchokera kunja, ngati ukusoka batani."

"Nanga munatumiziranji anthu?"

"Ndinkawaonetsa kasipuniko. Ndinawalembera kuti onani dzanja la mwana wanga. Za nsombazo anawonjezera okha. Wapinda bwino, mayi. Ngakhale pa chithunzi kakuoneka kuti kamavina. Ndipo wakula. Ndimachitsegula nthawi yopuma, anzanga mpaka atopa nane. Mabango aja akadalipo, eti? Paja pamene timakankhira bwato?"

"Akadalipo."

"Madzi afika pati?"

Ndinawauza. Ndinawauzanso za mphepo, za matope ofiira amene Bua wayamba kubweretsa, za ncheni zimene a Mhone anapha mwezi watha. Anafunsa mafunso ambiri, ngati kale. Ndinaganiza kuti mwina bodza lija lagwirabe ntchito yake, kungoti ladzera njira yaitali.

Kenako anatsitsa mawu. "Za mutu zija sindinaiwale. Koma chaka chino sizitheka, mayi. Mapepala anga sali bwino. Ndikatuluka pano sadzandilolanso kulowa, ndipo iwe ukadali ndi Folomu 4 kutsogoloku. Mwina chaka cha mawa. Sindikufuna kukulonjezanso za pamsewu."

Ndinayang'ana zala zanga. Zinali zikununkhabe mandimu.

"Sunakhumudwe, eti?"

Dzulo lake lomwelo ndinali nditagwada pamaso pa doko lonse n'kulonjeza. Lonjezo limenelo linakhala tsiku limodzi lokha.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Inenso ndimangocheza."

Bodza limenelo palibe komiti imene inandiitanira. Magalimoto ankangodutsa kumbuyo kwa bambo. Kaya anakhulupirira, kaya anaona pomwe ndinabaya, sananene. Anangoti, "Chabwino, mayi. Apatse foni amayi ako."